Lawi la pa kompyuta ndi lawi lenileni: zomwe ndaphunzira pofufuza ndi kuphunzitsa za kayakidwe ka moto

Chaka ndi chaka kuofesi kwanga kumabwera ophunzira a uinjiniya atanyamula malaputopu, akufuna kuti ndiwayang'anire pa kafukufuku wa kayakidwe ka moto. Ambiri amakhala ataona zithunzi zokongola pa YouTube, lawi lofiira pakati, lachikasu m'mbali, labuluu kunja, zonse zojambulidwa ndi kompyuta, ndiye amafuna kupanga zawo. Ndimawalandira ndi manja awiri, chifukwa ntchitoyi ndi yofunika ndipo oidziwa ndi ochepa. Koma ndisanawalole kutsegula pulogalamu iliyonse, pali njira imene ndimawadutsitsa, yomwe inenso anandidutsitsa aphunzitsi anga pamene ndinkachita digiri ya udokotala ku Britain. Ndikulemba izi poganizira mnyamata kapena mtsikana amene akuyamba ntchito yotereyi alibe womulondolera pafupi.

Chomwe ndikufuna mumve ndi ichi: kompyuta imatulutsa chithunzi cha lawi ngakhale mutaipatsa zolakwika zokhazokha, ndipo chithunzicho chimakongola chimodzimodzi. Lawi lowerengetsa limayamba kukhala ndi phindu pokhapokha mutaliimika pambali pa lawi lenileni limene anthu analiyeza.

Ine ndimayambira pa madzi, osati pa moto. M'chaka cha 1883, Osborne Reynolds wa ku Manchester anadutsitsa madzi m'paipi ya galasi, n'kulowetsa kamzere ka utoto pakati pake. Zomwezo ndimazichita m'kalasi ndi zinthu zogula pamsika: ndowa pamwamba pa tebulo, paipi ya pulasitiki yoonekera mkati ya masentimita 2 m'mimba mwake, kapaipi ka diripu ndi inki ya buluu. Madziwo timayamba tawasiya m'ndowamo mpaka atakhazikika, ndipo ndimaletsa aliyense kutsamira tebulo. Tikatsegula pang'ono pompi ya kumapeto, inki imayenda ngati kaulusi kowongoka, tambalala kuchoka kumutu kwa paipi mpaka kumchira, osasakanikirana ndi madzi ozungulira. Ndikawonjezera kutsegula, kaulusi kaja kamayamba kunjenjemera chakumapeto, kenaka kamapindika, kenaka mwadzidzidzi kamangoti balala, paipi yonse n'kukhala yabuluu. Pamenepa m'kalasi mumakhala zii, ndipo ngakhale amene amaseweretsa mafoni amadzutsa mitu. Ndimawauza kuti zimene mwaonazo ndiye turbulence, kapena kuti chipwirikiti, ndipo ndi zimene muzilimbana nazo mpaka mutamaliza.

Kenaka timawerengera pa bolodi. Nambala ya Reynolds timaipeza pochulukitsa liwiro ndi kukula kwa paipi, n'kugawa ndi kunanda kwa madziwo. M'paipi yathu ya masentimita 2, madzi akamayenda masentimita 10 pa sekondi, nambalayo imakhala pafupifupi 2,000. Mabuku amati kusintha kumachitika cha m'ma 2,300, koma musaitenge nambalayi ngati lamulo la Mose. Reynolds mwiniwake, atasamalira bwino polowera madzi, anasunga kaulusi kake kowongoka mpaka cha m'ma 13,000. Paipi ya pampopi wa m'nyumba ya mamilimita 15, madzi akuyenda mita imodzi pa sekondi, ili kale pa 15,000. Ndiye kuti pafupifupi chilichonse choyenda chimene injiniya angakumane nacho kuntchito chimayenda mwachipwirikiti.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi moto? Lawi la gasi wa methane wosakaniza bwino ndi mpweya, pamalo abata, limayenda pafupifupi masentimita 40 pa sekondi. Munthu woyenda pansi amalisiya m'mbuyo. La petulo nalo silisiyana kwambiri. Tsopano tengani injini ya galimoto yozungulira ka 3,000 pa mphindi. Kuzungulira kamodzi kumatenga masekondi 0.02 basi. Lawi loyenda mwaulemu lija, kuti lichoke pa pulagi kufika kukhoma la silinda, mtunda wa masentimita 4, lingafune pafupifupi masekondi 0.1. Injiniyo singalire n'komwe. Chimene chimaipulumutsa ndi chipwirikiti cha mpweya wolowa, chomwe chimalikwinya lawilo, kulipinda ndi kulitambasula mpaka nkhope yake itakula kambirimbiri, ndiye limadya mafuta mofulumira. Gerhard Damköhler anafotokoza zimenezi ku Germany mu 1940. Koma chipwirikiti chomwecho chikanyanya chimazimitsa moto, monga amadziwira aliyense amene anayesapo kuyatsa machesi pamphepo. Ntchito yathu yonse ili pakati pa zinthu ziwirizi.

Masamu ofotokoza kayendedwe ka madzi ndi mpweya timawadziwa kalekale. Navier anawalemba mu 1822, Stokes n'kuwakonza mu 1845. Vuto ndi kuwathetsa. Bungwe la Clay Mathematics Institute linaikapo mphoto ya madola 1 miliyoni mu 2000 kwa amene angayankhe funso limodzi lokha la masamu amenewa. Ife mainjiniya vuto lathu ndi lina: m'chipwirikiti muli akamvuluvulu aakulu amene amasweka kukhala aang'ono, aang'onowo n'kusweka kukhala aang'ono kwambiri, mpaka mphamvu yawo itatha n'kusanduka kutentha. Lewis Fry Richardson anazifotokoza mu 1922, ndipo Andrey Kolmogorov anaika masamu ake mu 1941. Kuti kompyuta ione kamvuluvulu aliyense mpaka wochepetsetsa, njira imene timaitcha DNS, muyenera kugawa malo anu m'timabokosi ting'onoting'ono tosawerengeka. Mukachulukitsa nambala ya Reynolds ka 10, timabokosito timachuluka pafupifupi ka 180, ndipo ntchito yonse ya kompyuta imakula pafupifupi ka 1,000. N'chifukwa chake ambiri a ife sitiwerengetsa chilichonse. Timawerengetsa avereji, ndipo zimene tazisiya timaziimirira ndi model, kutanthauza masamu ofupikitsa ongoyerekezera zotsalazo. Yotchuka kwambiri ndi k-epsilon, imene Brian Launder ndi Brian Spalding a ku Imperial College ku London anaikhazikitsa bwino mu 1974. Pali njira ya pakatikati, ya LES, yomwe imawerengetsa akamvuluvulu aakulu okha, koma nayo imadya kompyuta.

Apa ndi pamene ndimachedwa kwambiri pophunzitsa, chifukwa amene sanamvetse ndime iyi sangamvetse china chilichonse m'phunziroli. Avereji imagwira ntchito ndithu pa liwiro la mpweya. Pa moto imanama. Kufulumira kwa kuyaka kumadalira kutentha motsatira lamulo la Svante Arrhenius la 1889, ndipo sikukwera pang'onopang'ono, kumalumpha. Taganizirani malo amodzi m'mbali mwa lawi. Kamphindi kena pakudutsa mpweya wozizira wa 300 K (K ndi Kelvin, muyeso wa kutentha; 300 K ndi pafupifupi madigiri 27 Celsius), kamphindi kotsatira pakudutsa gasi woyaka wa 2,000 K. Avereji yake ndi 1,150 K. Mukapereka 1,150 K ku masamu a Arrhenius mupeza yankho limene silinachitikepo pamalopo, chifukwa pamalopo sipanafikepo 1,150 K kwa nthawi yoti n'kutchula. Panali pozizira, kenaka potentha. Mlimi aliyense amazidziwa izi ndi mvula. Ikagwa yonse m'sabata imodzi ya Januwale, Febuluwale yense n'kukhala ng'amba, wolemba manambala adzanena kuti chaka chino mvula inakwana, koma chimanga chinafota chikumasula ngayaye. Chimanga chimamva mvula ya tsiku ndi tsiku, ndipo moto nawo umamva kutentha kwa kamphindi kalikonse.

Onjezani apo kuti kuyaka si chinthu chimodzi. Kusukulu ya sekondale tinaphunzira kuti methane akakumana ndi okosijeni amapanga madzi ndi carbon dioxide, mzere umodzi basi. Ndondomeko ya GRI-Mech 3.0, imene ofufuza ambiri amagwiritsa ntchito pa methane, ili ndi mitundu 53 ya tizinthu ndi masitepe 325. Ena mwa masitepewa amatha m'kuphethira kwa diso, ena amachedwa, ndipo ochedwawo ndi amene amalamula kuchuluka kwa utsi wapoizoni.

Ma model onse a kuyaka m'chipwirikiti ndi njira zosiyanasiyana zozembera vuto la averejili. Spalding mu 1971, kenaka Bjørn Magnussen ndi Bjørn Hjertager a ku Norway mu 1976, anati tiyeni tiganize kuti chilichonse chosakanikirana chapsa pomwepo, ndiye kufulumira kwa moto ndi kufulumira kwa kusakanikirana basi. Norbert Peters wa ku Aachen ku Germany mu 1984 anati lawi lalikulu lachipwirikiti tiliwone ngati mulu wa timalawi tating'ono tabata, tomwe tingawerengetseretu n'kusunga pa tebulo. Stephen Pope wa ku yunivesite ya Cornell ku America anatenga njira yotsata tizidutswa tambirimbiri ta gasi, kalikonse ndi kutentha kwakekwake, kuti avereji ibwere pamapeto osati poyamba. Iliyonse ili ndi malo ake. Imene ndimadana nayo ndi yosankhidwa chifukwa ndiyo inali pamwamba pa mndandanda wa pulogalamu.

Nditangofika kwa aphunzitsi anga, ndinali ndi maganizo owerengetsa ng'anjo yonse ya fakitale. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anandipatsa lawi limodzi lalitali osafika ndi mita yomwe, lotchedwa Sandia Flame D. Linayezedwa ndi Robert Barlow ndi Jonathan Frank ku Combustion Research Facility ya Sandia ku Livermore, California, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1998. Gasi wake ndi gawo limodzi la methane pa magawo atatu a mpweya, akutuluka pa kapaipi ka mamilimita 7.2 pa liwiro la mamita 49.6 pa sekondi, nambala ya Reynolds 22,400. Mozungulira kapaipiko muli timalawi tothandizira kuti lalikululo lisazime. Ubwino wa lawili ndi woti analiyeza ndi kuwala kwa laser, osalowetsamo chitsulo chosokoneza, malo ndi malo, kutentha komanso kuchuluka kwa mtundu uliwonse wa gasi, pomwe liwiro linayezedwa ku Darmstadt, ku Germany. Manambala onsewa anawaika poyera kudzera m'misonkhano ya ofufuza za malawi achipwirikiti ya TNF Workshop, yomwe inayamba mu 1996, kuti aliyense padziko lapansi ayese model yake pa lawi lomwelo.

Lamulo loyamba la aphunzitsi anga linandidabwitsa: usayatse moto. Anati ndiyambe ndawerengetsa gasi wozizira akutuluka pa kapaipi n'kusakanikirana ndi mpweya, ndione ngati akufalikira moyenera. Mawu awo anali oti, ngati kusakanikirana kwalakwika, chemistry yabwino bwanji idzangoyatsa moto pamalo olakwika. Ndipo pomwepo ndinakumana ndi chilema chodziwika cha k-epsilon. Pa gasi wotuluka pa bowo lozungulira, model imeneyi imamufalitsa msanga kuposa zenizeni, ndiye lawi limatuluka lalifupi ndi lonenepa. Pa Flame D yeniyeni, malo otentha kwambiri pakati pa lawi ali pamtunda wa pafupifupi ka 45 kukula kwa kapaipi kuchokera pakamwa pake. Pa graph yanga nsonga inkafika msanga, timadontho toyezedwa ta Sandia tili uko, mzere wanga uli kuno.

Mankhwala ake amadziwika. Mu k-epsilon muli nambala ina ya 1.44, ndipo ofufuza ambiri amaikweza kufika pa 1.6 akamawerengetsa lawi lotere. Nditatero, mzere wanga unasendera n'kukhala pa timadontho tija, ndipo mtima unakhala m'malo. Aphunzitsi anga sanakane kusinthako, koma anandiuza kuti ndilembe poyera m'lipoti kuti ndasintha, chifukwa chake, komanso kuti ndionetse ma graph onse awiri. Anandikumbutsanso kuti 1.6 yemweyo adzandisokeretsa ndikadzapita ku mpweya woyenda m'mbali mwa khoma. Kuyambira pamenepo wophunzira wanga aliyense amadziwa kuti nambala yosinthidwa mwakachetechete ndimaiona ngati kubera mayeso. Model yokhotetsedwa mpaka itagwirizana ndi lawi limodzi sinanenepo kanthu za lawi lachiwiri.

Pali kuyesa kwina kumene ophunzira amakuzemba chifukwa n'kotopetsa. Mukapeza yankho, chepetsani timabokosi tanu, muwerengetsenso zonse. Yankho likasuntha, ndiye kuti zimene mumaona zinali za timabokosi, osati za moto. Bwerezani mpaka litaima.

Kutentha kukagwirizana, musafulumire kuomba m'manja, chifukwa kutentha ndi kosavuta kukupeza. Onani carbon monoxide ndi nitric oxide. Nitric oxide amapangika pang'onopang'ono pamalo otentha kwambiri, makamaka kupitirira 1,800 K, mwanjira imene Yakov Zeldovich anafotokoza mu 1946, ndipo kulakwitsa kutentha ndi madigiri ochepa kumasintha kwambiri kuchuluka kwake. Mukaiwala kuti lawi limataya kutentha kwina kudzera m'cheza chake, nitric oxide wanu adzachuluka kuposa woyezedwa. Kenaka pitani kwa abale ake a Flame D. Flame E ndi Flame F amatuluka pa kapaipi komweko ndi gasi yemweyo, kungoti liwiro ndi lokwera, ndipo F ali pa nambala ya Reynolds 44,800, pafupi kuzima. M'lawi limenelo muli timabowo momwe moto wafa kwa kamphindi n'kudzayakanso kutsogolo. Model yonena kuti chosakanikirana chapsa singaone zimenezi ngakhale pang'ono, imangojambula lawi lathanzi. Timalawi tabata ta pa tebulo natonso timavutika. Njira ya Pope ndi imene inaonetsa bwino kuzima kwa apa ndi apo kumeneku, koma mtengo wake pa kompyuta ndi waukulu. Kwa ine phunziro la Flame F linaposa la Flame D, chifukwa linandionetsa malire a chida chimene ndinali nditayamba kuchikhulupirira.

Nditabwerera kumudzi kudzaphunzitsa, ndinapeza kuti zambiri mwa izi n'zotheka popanda ndalama zochuluka. Mapulogalamu ogulitsa monga Ansys Fluent ndi abwino koma layisensi yake ndi yodula. OpenFOAM ndi yaulere, ndipo mwa zitsanzo zimene imabwera nazo muli Flame D yemweyo. Cantera nayo ndi yaulere, imagwira ntchito ndi Python, ndipo m'mphindi zochepa imakupatsani kutentha ndi liwiro la lawi labata. Yambirani pamenepo. Pezani nokha kuti methane woyaka ndi mpweya wokwanira ndendende amafika pafupifupi 2,220 K, kuti tsiku lina kompyuta ikadzakupatsani 2,800 K mudzadziwe nthawi yomweyo kuti china chake chavuta. Popeza Flame D ndi wozungulira mofanana mbali zonse, simufunika kuwerengetsa lawi lonse, kachidutswa kopyapyala kamodzi kakwana, ndipo laputopu wamba imakwanitsa ndi k-epsilon. Za LES dikirani mpaka mutapeza mwayi pa makompyuta aakulu, monga a likulu la makompyuta amphamvu la CHPC ku Cape Town. Ndipo uzani pulogalamu kuti izisunga ntchito pafupipafupi. Wophunzira wanga wina anasiya kompyuta ikuwerengetsa kumapeto kwa sabata osaika zimenezi, magetsi anazima usiku, Lolemba anapeza palibe chotsala. Ndinamumvera chisoni kwambiri, chifukwa nthawi yopereka lipoti inali itayandikira.

Funso limene ndimalandira kawirikawiri ndi loti, aphunzitsi, lawi la ku California litithandiza chiyani ife kuno? Ndi funso labwino. Moto wa ntchito ulipo wambiri: ma boiler a ku Nchalo ndi ku Dwangwa otentha zotsalira za nzimbe zofinyidwa, mafakitale a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, zigafa zowotchera fodya, mauvuni a njerwa, ndi mbaula zimene zili pafupifupi pakhomo lililonse. Koma kunena zoona, moto wa nkhuni ndi makala ndi wovuta kuposa Flame D. Nkhuni imayamba yauma, kenaka imatulutsa gasi wosakanikirana mitundumitundu, kenaka khala lotsala limayaka pakhungu pake. Mpweya sukankhidwa ndi makina, umangokokedwa ndi kutentha, ndipo kawirikawiri umakhala pakati pa bata ndi chipwirikiti, pamalo pamene k-epsilon sinapangidwire. Munthu amene sanathe kufananiza lawi losavuta loyezedwa bwino, akalowa pa mbaula sadzakhala ndi njira yodziwira ngati walakwitsa.

Mtsikana wina wa chaka chomaliza anabwera ndi chithunzi cha mbaula ya makala imene anaiwerengetsa, akuti yake yatsopanoyo situlutsa carbon monoxide. Ndinapita naye ku labu, ndinayatsa Bunsen burner ndi mabowo a mpweya otseka. Lawi linali lachikasu, likuyendayenda. Nditatsegula mabowo linafupika, linasanduka labuluu n'kuyamba kulira. Kenaka ndinamupatsa sefuliya ya madzi ozizira kuti aitsitse pang'onopang'ono pamwamba pa lawi lachikasu lija. Ataitembenuza, kunsi kwake kunali bii ndi mwaye. Chitsulo chozizira chimapha lawi lisanamalize ntchito, ndipo sitepe yosandutsa carbon monoxide kukhala carbon dioxide, yomwe ndi yochedwa kale, imaima panjira. Ndinamufunsa kuti m'model mwake kunsi kwa poto anaika kutentha kwanji. Anati sanaikemo poto. Komanso model imene anasankha inali ya sitepe imodzi, momwe mulibe carbon monoxide chiyambire. Sinali nkhani yoseka, chifukwa gasi ameneyu alibe fungo kapena mtundu, ndipo amapha mabanja amene amalowetsa mbaula m'nyumba yotseka nthawi yachisanu mu Juni ndi Julayi. Chithunzi chonena kuti mbaula ndi yotetezeka pomwe si choncho chikhoza kupweteketsa anthu.

Tinagwirizana kuti ayambe wayeza. Anabwereka thermocouple yoyezera kutentha, komanso kachipangizo koyezera carbon monoxide ndi sikelo ya kukhitchini. Anayeza makala asanayatse ndi atamaliza, madzi asanawire ndi atawira, ndi kutentha pamalo angapo pakati pa makala ndi poto. Ndinamuchenjeza kuti thermocouple yoikidwa m'gasi wotentha imawerenga motsika, chifukwa kamutu kake kamataya kutentha ku makoma ozizira, pomwe ikayang'anizana ndi makala ofiira ikhoza kuwerenga mokwera, ndiye ayenera kuwerengera kusiyanako ndi kulemba mmene wachitira. Atasintha mpata wa pakati pa makala ndi poto, anaona carbon monoxide akusintha pa kachipangizoko ndi maso ake, ndipo atabwerera ku kompyuta anali akudziwa chimene model yake iyenera kuonetsa. Lipoti lake linali ndi zithunzi zamitundu zochepa kuposa za anzake, koma pa graph iliyonse panali timadontho toyezedwa pambali pa mzere wowerengetsa, ndipo pamene ziwirizo zinasiyana anafotokoza chifukwa chimene ankachiganizira. Panopa wophunzira wina watenga mbaula yomweyo, ndipo akuyeza zimene zimachitika chitseko cha mpweya cha m'munsi chikatsekedwa theka.